Uta wa hickory ukagonja, mlandu suli pa mtima wofiira

Uta wanga woyamba wa hickory ndinaumaliza mu February, kuno kum'mwera chakum'mawa kwa America kumene mtengowu umamera m'nkhalango ngati mmene msuku umamerera kwathu. Unali wa mphamvu yokoka ya mapaundi 50, ndipo muvi unkachoka ndi liwiro loti mtima unkachita kuti myaa. Pofika mu July uta womwewo unali utafooka. Ndikamasula nsinga sunkawongokanso, unkangokhala chipindikire ngati ukadali wokunga, ndipo muvi unkagwera patsogolo pa chandamale. Amene ndinawaonetsa anangoyang'ana mtundu wa thabwalo n'kunena kuti vuto ndi loti ndinasema kuchokera pamtima wa mtengo, pofiira paja, m'malo mwa mnofu woyera wa kunja. Ndinawakhulupirira kwa chaka chathunthu. Kenaka uta wachiwiri, woyera mbee, unachita chimodzimodzi.

Kufooka kumeneku osema mauta kuno amakutcha set. Ine ndimakutcha kugonja. Mwa madandaulo onse amene ndimamva kwa anzanga oyamba kumene ntchitoyi, ili ndilo limabwera kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri wolakwa si mtima wa mtengo ayi, ndi chinyezi.

Tiyambe tauchotsera mlandu mtimawo. Akatswiri a za matabwa a boma la America anayesa kalekale hickory wofiira, woyera ndi wosakanizika, chifukwa opanga mipini ya nkhwangwa ndi nyundo ankakana wofiira. Anapeza kuti matabwa akakhala olemera mofanana, mphamvu zake zimafanananso. Chimene chinaipitsa mbiri ya wofiira ndi chakuti kawirikawiri amachokera ku mitengo yokalamba ya mkati mwa nkhalango, yokula pang'onopang'ono, ya mizere ya zaka yothinana. Kwa hickory mizere yothinana imatanthauza thabwa lopepuka, lodzaza timabowo. Mtengo wokula msanga, wa mizere yonenepa, ndiye wolemera ndi wolimba. Choncho poyang'ana thabwa musafunse mtundu wake, funsani kulemera kwake. Dulani kamtengo kouma kowongoka, kotalika ngati pensulo, kofanana kunenepa kuyambira kumutu mpaka kumapeto, mukaimike m'botolo la madzi. Hickory wabwino wa mtundu wa shagbark kapena pignut amamira pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10. Akamira magawo 6 okha, uta utheka ndithu, koma muuseme wotambalala kuposa mwa masiku onse.

Uta wafooka ndipo sukuwongoka

Uta ukakokedwa, msana wake, mbali yoyang'ana chandamale, umatamuka. Mimba yake, mbali yoyang'ana inu, imapanikizika. Hickory pa kutamuka ndi ngwazi, n'chifukwa chake sathyoka wamba. Koma mimba yake siifanana mphamvu ndi msana, ndipo ikakhala ndi chinyezi imafewa, timinyewa take timaphwanyika mkati, ndipo tikaphwanyika sitidzukanso. Kugonja n'kumeneko.

Tsono hickory amamwa chinyezi cha mumpweya mosavuta kuposa mitengo ina ya mauta monga Osage orange. Mitengo yambiri imachita bwino chinyezi chake chikakhala pa 8 mpaka 10 peresenti, pamene hickory amafuna 6 mpaka 8. Ife tinakula tikudziwa kuti chimanga chikafika pa 13 peresenti chauma, chikhoza kulowa m'thumba. Hickory wa pa 13 peresenti ndi wonyowa, ngakhale m'manja akumveka wouma gwaa, ngakhale wakhala pa denga la shedi zaka zitatu. Thabwa silimvera zaka, limamvera mpweya umene lili. Mpweya wa chinyezi cha 65 peresenti umalisiya thabwa pa 12. Wa 80 peresenti umalikweza kufika pa 16. Kuti litsike pa 8 pamafunika mpweya wa pakati pa 40 ndi 45 peresenti, ndipo pa 6 pamafunika wa pafupifupi 30. Uta wanga uja ndinausema m'nyengo yozizira, m'nyumba yotenthetsedwa, mpweya uli wouma. M'chilimwe cha kuno, chomwe chimakhala cha thukuta ngati January wa ku Nkhotakota, ndinaupachika m'galaja. Unamwa madzi mwakachetechete, ine n'kumaukokabe tsiku ndi tsiku.

Musanakhudze tupa kapena mpeni, dziwani kaye chinyezi. Kachipangizo koyezera chinyezi cha m'chipinda, hygrometer, n'kotchipa, ndipo kwa ine n'kofunika kuposa mita yobaya m'thabwa, imene imangowerenga pamwamba n'kusiya mabowo. Ngati muli nayo mita yoteroyo, bayani ku mimba kokha, kumsana ayi. Koma njira imene sinandinamizepo ndi sikelo ya kukhitchini. Semani mtengo ufike pafupi ndi maonekedwe a uta, chifukwa chipika chonenepa chimatenga zaka kuti chiume pamene chosemedwa chimatenga milungu. Uikeni m'chipinda chouma, muziuyeza tsiku lililonse n'kulemba magalamu ndi pensulo pa chogwirira. Kulemera kukaima osasintha kwa mlungu wathunthu, mtengo wagwirizana ndi mpweya wa m'chipindamo. Mukafuna nambala yeniyeni, tengani kachidutswa ka mtengo womwewo, mukayeze, mukaumitse mu uvuni pa madigiri a Celsius pafupifupi 100 mpaka kasiye kupepuka. Ngati kanali magalamu 108 n'kutsika pa 100, chinyezi chinali 8 peresenti.

Amene mumakhala kumalo a chinyontho, monga ku Britain kapena m'mphepete mwa nyanja, chipinda chokha sichingakufikitseni pamenepo. Khomani bokosi lalitali la matabwa, muikemo mababu akale aja otentha awiri kapena atatu, kutentha kwa mkati kukhale pakati pa madigiri 32 ndi 38, ndipo musiye timipata toti mpweya uzituluka. Mtengo uzigona m'menemo nthawi zonse pamene simukuusema. Mababu asakhudze thabwa, ndipo mtengo wauwisi musauponyemo tsiku loyamba, ung'aluka. Amene mwatengera thabwa la hickory kumudzi, nyengo yanu yopindira uta ndi September ndi October. Nthawi ya dzinja semani maonekedwe okha, za kupinda zidikire.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachinena mobwerezabwereza mpaka anzanga amatopa nacho: mtengo wosauma musaupinde ngakhale pang'ono, ngakhale kungoyesa pa bondo kuti muone. Kugonja kumene kwalowa tsiku limenelo kudzakhala mu utawo mpaka kalekale.

Koma chinyezi chikakhala bwino, uta n'kumagonjabe?

Pamenepo yang'anani kasemedwe. Woyamba kumene amakonda uta wowonda, wonenepa, wa mimba yobulungira, chifukwa ndi umene amauona pa zithunzi za mauta a ku England. Amenewo ndi a mtengo wa yew. Hickory amafuna mimba yafulati ndi mikono (mbali ziwiri zopindika za uta) yotambalala, kuti katundu agawanike pa thabwa lalikulu. Munthu wokoka nsinga mainchi 28, amene ndi masentimita 71, ayambe ndi uta wotalika mainchi 66 mpaka 68, mikono yotambalala masentimita 4.5 mpaka 5 kuchokera pa chogwirira kufika pakati, kenaka izichepa mpaka kunsonga. Ku Peabody Museum ya yunivesite ya Harvard kuli uta wa hickory umene unatengedwa kwa munthu wina wa mtundu wa eni dziko a America ku Sudbury, Massachusetts, m'chaka cha 1660. Ndi wautali pafupifupi mainchi 67, mikono yake ndi yotambalala pakati. Eni nkhalangozi anaudziwa mtengo wawo, ndipo ife tikamatalikitsa ndi kutambalalitsa uta tikungobwerera pamene iwo anafika kale.

Kumbukiraninso kuti kutambalala ndi kunenepa sizigwira ntchito mofanana. Mukawirikiza kawiri kutambalala kwa mkono, mphamvu imawirikiza kawiri. Mukawirikiza kawiri kunenepa, mphamvu imawirikiza kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake kupala pang'ono chabe ku mimba kumasintha uta kwambiri, ndipo malo amene tupa yapitirira ndi kachigawo ka milimita amasanduka bondo.

Bondo ndi malo amodzi pa mkono amene akupindika kuposa ena onse. Masulani nsinga, goneketsani uta pa tebulo, muone kumene kugonja kwakhala. Ngati kwafalikira mkono wonse mofatsa, ndipo nsonga zatsalira kumbuyo ndi inchi imodzi kapena ziwiri, musadandaule, uta wa mtengo umatero ndipo uponya bwino zaka zambiri. Ngati kwaunjikana pamalo amodzi, makamaka pafupi ndi chogwirira, pamenepo ndi pa bondo. Lembani pamalopo ndi pensulo kuti musapakhudzenso, ndipo mupale kwina konse mpaka mkono wonse ugwire ntchito limodzi. Mphamvu ya uta itsika, vomerezani. Mkono winawo muupalenso kuti zifanane.

Polinganiza mikono, ntchito imene kuno amaitcha tillering, pali malamulo awiri amene ndikanawadziwa kale ndikanapulumutsa mitengo yambiri. Loyamba, musakoke kupitirira mphamvu imene mukufuna. Ngati cholinga ndi mapaundi 45, pafupifupi makilogalamu 20, sikelo isadutse pamenepo ngakhale nsinga yangoyenda mainchi 10. Lachiwiri, mukaona cholakwika lekani kukoka pomwepo, konzani kaye. Mukapala, kokani uta pang'onopang'ono maulendo 20 kapena 30 kuti mtengo uonetse zimene mwachita, chifukwa suonetsa nthawi yomweyo. Ndipo musausiye chikokere pa thabwa lolinganizira kwa mphindi zambiri mukuuyang'ana. Ujambuleni ndi foni, muumasule, muziyang'ana chithunzicho. Ine ndimagwiritsa chingwe ndi kapule pakhoma kuti ndiziima patali, poti uta ukathyoka zidutswa zimauluka.

Kuwamba mimba

Apa ndiye pamene hickory amasanduka mtengo wina. Mimba ikawambidwa ndi moto imalimba ndipo imachepetsa kumwa chinyezi. Mangani uta pa thabwa lokhota pang'ono, mimba kumwamba, nsonga zikhotere kutsogolo ndi mainchi awiri kapena atatu. Tengani mfuti ya mpweya wotentha ija yochotsera penti, muigwire masentimita pafupifupi 10 kuchokera pa thabwa, muziyenda pang'onopang'ono mpaka mtundu ufike ngati wa mtedza wokazinga bwino. Mkono umodzi umatenga theka la ola kapena kuposa. Cholinga n'chakuti kutentha kulowe mkati, osati kungowaula pamwamba, poti chowaulidwa pamwamba chimachoka ndi sandipepa. Makala a pa mbaula amagwiranso ntchitoyi ngati ali ofiira opanda malawi ndipo muli ndi chipiriro.

Apa mtima wofiira umapusitsa. Thabwa loyera limaonetsa msanga pamene lapsa, koma lofiira ndi lakuda kale, choncho munthu amaleka msanga poganiza kuti zatheka, kapena amapitiriza mpaka kupsereza. Yesani kaye pa chidutswa chotsala, muchidule pakati, muone pamene mtundu walowa. Moto usafike kumsana ngakhale m'mphepete, chifukwa msana wopsa umathyoka. Mukamaliza, uta ukhale masiku atatu mpaka mlungu musanaupinde, popeza panthawiyo wauma mopitirira. Kenaka linganizaninso mikono, mupeza kuti mphamvu yakwera.

Nthawi yabwino yowamba ndi pamene uta wayamba kupindika bwino pa nsinga yaitali yoyesera, usanagonje. Uta wogonja kale moto umauthandiza pang'ono, umabweza gawo lina, koma timinyewa tophwanyika sitichira. Ena amadula inchi imodzi kunsonga iliyonse kuti mphamvu ikwere ndi mapaundi pafupifupi asanu. Imakweradi, koma uta wofupika umapanikiza mimba koposa, ndipo pakapita miyezi mumabwerera pomwe munali. Ine sindichita zimenezo pokhapokha utawo unali wautali mopitirira kuyambira pachiyambi.

Timizere ta pa mimba

Nthawi zina pa mimba pamaoneka timizere topyapyala ngati tsitsi, topingasa kapena topendekera, tomveka ndi chikhadabo. Pamenepo thabwa lafinyika mpaka kukwinyika. Nthawi zonse timasonyeza malo olemedwa. Sitichotsedwa ndi sandipepa, ndipo mukapala pomwepo mukuwonjezera vuto. Peputsani mbali zina za mkono, uta utsike mphamvu, mudonthezerepo guluu wamadzimadzi wouma msanga uja. Tikakhala tambiri mkono wonse, ndiye kuti uta ndi wowonda kapena waufupi kwa mphamvu imene mukuufunsa.

Msana wa uta wa pamtima

Apa pokha ndi pamene mtima wa mtengo uli ndi vuto lakelake, ndipo ndikufuna mundimvetse bwino. Wosema ndi mnofu woyera ntchito yake ndi yosavuta: amadula mtengo kumapeto kwa nyengo yophuka masamba ya kuno kapena m'chilimwe pamene khungwa likusendeka lokha, amasenda, ndipo chimene chatsala pansi pa khungwa ndiwo msana, mzere umodzi wa chaka wosadukiza kuyambira nsonga mpaka nsonga. Wofuna mtima alibe mwayi umenewo. Ayenera kuchotsa mnofu woyera wonse, umene kwa hickory umakhala wochindikala, n'kutsata mzere umodzi mkati. Ndi ntchito yowawa, chifukwa mizere ya hickory sisiyana moonekera ngati ya Osage orange. Gwirani ntchito pafupi ndi zenera, kuwala kuzibwera cham'mbali. Chotsani zambiri ndi mpeni wokoka wa zigwiriro ziwiri, koma mizere iwiri yomaliza muipale ndi chitsulo chopalira. Gawo lofewa la mzere limamveka lokhukhuluzika ngati bisiketi, lolimba limaterera. Mukamva kuterera, imani.

Mukamayandikira pakati penipeni pa mtengo mavuto amachuluka. Mizere imabulungira kwambiri moti msana umakhala ndi linunda, ndipo mumakumana ndi mfundo za nthambi zimene mtengo unataya uli waung'ono, zosaoneka kunja. Mumapezanso mizere yakuda yochokera pa mabala a mbalame yogogoda mitengo yotchedwa sapsucker. Mzere wakuda wokha si vuto, koma ulaseni ndi nsonga ya mpeni: ngati pali pofewa kapena pong'aluka, pewani malowo. Pa mfundo siyani thabwa lochulukirapo mozungulira, ndipo musaidule kuti ifanane ndi msana.

Ambiri a ife mtima wofiira timaupeza ngati thabwa la kusitolo, locheka kale ndi makina. Pamenepo yang'anani mizere pankhope ndi m'mbali monse: iyende mowongoka kuchokera kumutu mpaka kumapeto osathawira kunja. Mwa matabwa ambiri mupezamo limodzi kapena awiri, ndipo kusankhako kumatenga nthawi kuposa kusema. Hickory amakhululuka mzere wodulidwa apa ndi apo kuposa mitengo ina, koma sakhululuka minyewa yothawira m'mbali. Anzathu a ku South Africa muli ndi mwayi wina: pecan, amene amalimidwa kwambiri ku Northern Cape, ndi m'bale wake wa hickory, onse ndi a gulu la mitengo lotchedwa Carya. Ndi wopepukirapo pang'ono, koma zonse ndanena pano zimamukhudza.

Mukamva kuti "the" pokoka, lekani pomwepo. Yendetsani kansalu ka thonje pamsana, kadzakola pamene kachibenthu kadzuka. Kakakhala kakang'ono, lowetsani guluu pansi pake, panikizani, mukulunge ndi ulusi wolimba wonyika m'guluu. Kawirikawiri zoterezi zimayambira m'mphepete mwakuthwa, choncho musanapinde uta koyamba bulungizani mphepete zonse za msana ngati nandolo. Thabwa lokayikitsa limatidwe msana ndi chikopa cha mbuzi chosafufuta, chopyapyala, kapena nsalu ya linen. Ife a kwathu maganizo amathamangira ku nsungwi, koma nsungwi pamsana ndi yamphamvu mopitirira, imaphwanya mimba ya hickory n'kubweretsa kugonja komwe tikuthawa. Ndipotu hickory mwiniwake ndiye amene opanga mauta ku England amamata pamsana pa mitengo ina.

Nsinga yosadutsa pakati, ndi zina zazing'ono

Uta ukakungidwa nsinga n'kumadutsa pambali pa chogwirira, onani kaye ngati mbali imodzi ya mkono ndi yonenepa kuposa inzake. Dzanja la munthu limapala mopendekera osadziwa. Mkono umapotokera ku mbali yofooka, choncho palani mbali yolimbayo. Ngati mtengo unakhota wokha pouma, utenthetseni pafupi ndi chogwirira, muuwongole pang'ono kupitirira pamene mukufuna, uzizire uli chimangire. Kupotoka pang'ono kwachibadwa kusiyeni, sikulepheretsa muvi.

Ming'alu ya kumapeto kwa chipika imabwera chifukwa chosamata. Tsiku lomwe mwadula, pakani guluu wa matabwa, penti kapena phula kumitu yonse iwiri, ndipo ngati mwafika kale pa mzere wa mtima pakaninso msana wonse. Chipika chosiyidwa ndi khungwa panja chimafumbwa, poti tizilombo toboola timaukonda mnofu woyera wa hickory. Mukaona ufa pansi pa chipika, yang'anani bwino: bowo limodzi pamsana ndi lokwanira kuthyola uta.

Kusunga uta womalizidwa

Palibe vanishi amene amatsekereza chinyezi kotheratu, onse amangochichedwetsa. Pakani polyurethane kapena shellac maulendo asanu kapena kuposa, osaiwala timipata ta nsinga ndi pansi pa chikopa cha chogwirira, kenaka phula pamwamba. Uta wotero upirira tsiku limodzi la mvula kutchire. Chimene sungapirire ndi miyezi itatu m'galaja kapena m'chipinda cha pansi pa nyumba. Uzigona chogona pa misomali iwiri m'chipinda chouma kwambiri m'nyumba mwanu, nsinga itamasulidwa. Musausiye m'galimoto padzuwa, musaukoke n'kuusiya wopanda muvi, ndipo pokunga mpata wa pakati pa nsinga ndi chogwirira ukhale ngati nkhonya yoimika chala chachikulu, pafupifupi mainchi 6.

Lembani kulemera kwa uta tsiku limene mwaumaliza. Wanga wa tsopano, wofiira kuyambira msana mpaka mimba, ndimauika pa sikelo kumayambiriro kwa mwezi uliwonse wa chilimwe. Ukakwera ndi magalamu 10 kapena 15 sindiukunga, ndimaubweza m'bokosi la mababu masiku anayi kapena asanu. Ndikamapita nawo kutali nyengo ya mvula ndimaulowetsa m'paipi ya pulasitiki yotseka mbali zonse, m'kati muli timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo ndimautulutsa pokhapokha ndafika pamalo oponyera.